Mtanda Wofiira wa Alamu Anga

Alamu anga, amuna a mlongo wanga, tinkawatchula kuti a Pulofesa, ngakhale sukulu tinaithawira kalasi imodzi. Dzinali analipata kumgodi, komwe ankanyamulira chikwama mayi wina, katswiri wa miyala. Mayiyo ndiye ankauza okumba koti alowere. Ankagogoda thanthwe ndi kahamala, kunyambita mwala kuti mawanga ake aoneke, kenaka n'kupopera penti yofiira: pena mzere, pena mtanda.

Alamu anatengera zonsezo, kupatula kufunsa. Bambo wandevu zake angafunse mzimayi? Mwala uliwonse wa m'njira ankautola n'kuunyambita, diso limodzi atatsinzina.

"Alamu, kodi achemwali sakukuphikirani?" ndinkawafunsa.

"Iwe sungazimve izi, ndi za sukulu," ankayankha.

Kampani itatseka mgodi, njala inalowa m'nyumba. Ana anasiya sukulu, mlongo wanga anagulitsa mpaka mbaula. Tsiku lina alamu anandikokera kuseri.

"Chuma chenicheni anachisiya. Pamzere mayi uja ankati kumbani. Pamtanda ankati aliyense asayandikire. Waona? Ankadzisungira!"

"Mtanda amaika pamanda, alamu," ndinatero. Tinaseka mpaka kutsokomola.

Alamu analowa mumgodi ndi anzawo awiri kukakumba pamtanda paja, mapiki paphewa, matochi pamphumi. Ine, chifukwa cha chimimba changachi, anandisiya pakhomo kuti ndizikoka chingwe cha ndowa. Ndowa zinayamba kutuluka. Kenaka pansi panagunda, fumbi linandithira m'maso, chingwe n'kukana kubwera.

Anzawo aja anatuluka chokwawa, magazi ali chuchuchu. Alamu ayi.

Opulumutsa anthu anabwera ndi katswiri uja. Mayiyo analowa, anaunika, natuluka.

"Mtanda umatanthauza thanthwe lowola, lodzaza ming'alu," anatero. "Tinkayenda limodzi tsiku ndi tsiku. Bwanji sanandifunse?"

Mlongo wanga anamugwira miyendo. "Mayi, ndipatseni ngakhale mtembo wokha."

Mayiyo anapukusa mutu. Denga lonse linali likutsika, wolowanso akanatsalira komweko. Pakhomo pamgodi anamatapo simenti.

Maliro tinalira opanda bokosi. Mlongo wanga ankangofunsa kuti ana azikaloza pati akafuna bambo awo. Ndiye ndinagula kachitini ka penti yofiira, ndinapita pasimenti paja n'kujambula mtanda waukulu.

"Uwu wokha, a Pulofesa, tanthauzo lake simufunika kufunsa munthu," ndinawauza.

Ndinadikira kuti andiyankhe zachipongwe ngati kale. Kunali zii.