Chala cha Paison pakhosi la mkamwini

Ku Makhanga, masiku amene sitima zinkakwera Shire, panalibe maliro odutsa popanda Paison. Iye ndiye ankapha mbuzi ya anthu okumba manda. Khosi ankalidziwa ngati njira ya kumunda kwake: pakati kholingo lopitira mpweya, m'mbali mitsempha yonyamula magazi. Anthu ankamuseka kuti ukamuona akunola mpeni, yamba kuwerenga abale ako. Iye ankangoseka nawo, koma mumtima zinkamuwawa.

Tsiku lina mkamwini wake Geresomo, mwamuna wa mwana wake Esinala, ankadula nkhuni zogulitsa kusitima. Nkhwangwa ya mnzake inaguluka pampini n'kumutema m'mbali mwa khosi. Anzakewo, pofuna kuletsa magazi, anamanga nsalu kuzungulira khosi lonse n'kukoka zolimba monga amachitira mwendo wa wolumidwa ndi njoka. Anamutsamiritsa pamtengo.

Paison anafika akuthamanga. Anapeza mnyamatayo atatuwa milomo, thukuta lili kamukamu, thupi lozizira dzuwa lili pamutu. Azimayi anali atayamba kale kulira maliro.

Kwathu kuno mkamwini ndi apongozi amalonjerana chapatali. Paison sanakumbukenso zimenezo. Anadula nsalu ija ndi mpeni wake womwe uja.

"Mukumupotokola munthu ali moyo! Mpweya udutsa pati?"

Anakanikiza chala chachikulu pabala penipeni, kholingo n'kulisiya lomasuka.

"Mugonekeni pansi. Esinala, mwanangu, leka kulira, kweza miyendo yake pamtolo wa nkhuniwo. Magazi atsalawo abwerere kumtima. Mufunditseni."

"Baba, kutentha konseku?"

"Funditsa! Suona akunjenjemera?"

Wina anabwera ndi chikho cha madzi, Paison anamubweza. Anakhala chogwada, chala chili pomwepo, mpaka mkono unachita dzanzi. Pansi pa chalacho mtsempha unkagunda mofooka, kenako unayamba kulimba. Geresomo anatsegula maso, n'kuona nkhope ya apongozi ake pafupi chotero. Manyazi anamugwira, nafuna kutembenuka.

"Khalani phee, bambo," anatero Paison. "Manyazi muchita mawa."

Geresomo anachira, mawu okha ndiwo anatsala osasa. Paison sankatopa kuloza chipseracho kwa alendo, ndipo ife sitimutsutsa, kunyadako kunali koyenera.

Tsiku limene mkamwini anabwerera kumunda, Paison ananola mpeni anthu onse akuona, n'kupha mbuzi ya chikondwerero. Imeneyo inali mbuzi yoyamba imene anapha pabwalo popanda munthu wolira.