Tsitsi la Pachipumi ndi Ntchentche za ku Lusaka

"Ndinu malume wanji inu, woti mwana asiye maliro a mayi ake chifukwa cha ntchentche!"

Anakuwa motero ndi achemwali anga aakulu, pamaso pa anthu, titangochoka kumanda kwathu kuseri kwa Sinda. Amene tinaika anali mlongo wathu wamng'ono, khansa itamudya pang'onopang'ono. Ine mtima wanga ndi wapachala. Ndinakankha mpando n'kuwauza kuti sindinalole kanthu, ndipo ngati akufuna umalume autenge. Koma mwambo ndinkaudziwa: wapabanja sachoka pamaliro asanamete, ndipo kumetako kunali kudikira abale a ku Vubwi.

Mwana woyamba wa malemuyo, mtsikana, amaphunzira kuyunivesite ku Lusaka, ndipo anali atapempha kubwererako msanga. Ndinamuitanira kuseri kwa nkhokwe n'kumufunsa mokalipa kuti ntchentche zakezo n'zotani. Anati si zakuchimbudzi, ndi tija timaunjikana pa nthochi yakupsa. Amatisunga m'timabotolo, ndipo akapanda kutisinthira chakudya timafa. Mnzake amene anamusiyira timabotoloto anali pafupi kunyamuka ulendo. Mtunduwo anaulera yekha mibadwo ndi mibadwo. Tintchentcheto tikafa, digiri yake yafera pomwepo.

Sayansi ndinaisiyira kusekondale, koma maselo ndinkawakumbukira. Iye anati m'selo lililonse muli ulusi wautali wotchedwa DNA, wokulungidwa pa timibulu ngati ulusi wa telala, pena mothina, pena molekerera. Selo likamagawikana, pali mapuloteni okopera ulusiwo, ndipo omwewo amathandiza kuti watsopanowo ukulungidwe monga unalili wakale. Akalakwitsa, malo oyenera kukhala otseka amatseguka. Iye amalemaza limodzi la mapuloteniwo m'tintchentche n'kuona chimene chimasokonekera.

Ndinamufunsa mosapsatira ngati zimenezo zikanawachiza mayi ake.

"Ayi, amalume," anatero. "Mwina ngakhale ana anga sizidzawachiza. Koma wina ayenera kudziwa mmene zimakhalira."

Akanandinamiza ndikanamuletsa. Ndinamuyang'ana. Maso anali otupa, chitenje cha mayi ake m'chiuno, m'manja muli matuza a nkhuni za pamaliro. Sanapemphenso. Anangoti ndikakana akhala, n'kubwerera kwa azimayi anzake kukatsuka mbale.

Madzulo ndinapita kwa bambo ake. Mlamu wanga anangoweramitsa mutu n'kunena kuti mbumba ndi yanga, ndigamule ndine. Kwa achemwali sindinapite, podziwa kuti tikanatukwanana mtembo usanazizire m'manda.

M'mawa mwake ndinagula lumo latsopano pakantini. Ndinamukhazika mwanayo pakhonde la nyumba ya mayi ake, achemwali ataima chapatali manja ali m'chiuno, n'kumumeta tsitsi pang'ono pachipumi. Ndinalikulunga m'kansalu n'kulipereka kwa achemwaliwo kuti adzaliphatikize ndi la ena tsiku lometa. Analilandira osandiyang'ana. Kenako ndinamangirira chikwama chake panjinga yamoto, ndipo tinauyamba wopita kumsewu waukulu kukadikira basi.