Bango Lomera M'saluni

Nditasiya koleji, abale anandipezera udindo woyenera munthu wamaphunziro osamaliza: kuyang'anira amisiri pamene mlongo wanga wamkulu ankamanga saluni kumapeto kwa komboni ya Kanyama. Ndinkakhala pa buloko n'kumagwedeza mutu mwaulemu.

Malowo kale anali dambo, koma mvula inali itatinyanyala zaka zingapo. Nthaka inang'ambika ngati chidendene, zitsime zinauma, ndipo komboni yonse inagwirizana kuti dambo linafa. Amisiri anathira miyala, simenti pamwamba. Mlongo wanga anasiya kuluka tsitsi pansi pa mtengo, nayamba kutchedwa mwini saluni. Imeneyo ndiyo inali mbale ya ana ake.

Kenako mvula inabwera, ya zaka zonse zija pakamodzi. Denga silinadonthe. Madzi anachokera pansi. M'mawa wina tinatsegula chitseko n'kuwapeza akutumphuka pa mng'alu wa simenti, oyera, ozizira, osafulumira n'komwe. Madzi a m'misewu ya Kanyama ndimawadziwa, amanyamula mapulasitiki ndi zina zosatchulika. Awa ndinaona nkhope yanga m'menemo.

"Iwe, tenga bakete," anatero mlongo wanga. "Waimilira monga bakukopa foto."

"Ba sisi, manzi aya yachokera pansi. Tizatapa dziko lonse?"

"Ndiye vamene unaphunzira ku koleji?"

"Ninachoka tikalibe kufika apo."

Tinakapa mpaka msana unakana, madzi osatsika. Iye anasanja mabuloko, kuyalapo matabwa, kuvala magambutsi. Makasitomala ankalukidwa miyendo ili m'mwamba ngati akuthawa mbewa. Ena anabwera kamodzi osabwereranso.

Ndiye pa mng'alu paja panatuluka nsonga yobiriwira, yakuthwa. Bango. Mlongo wanga analidula ndi sizasi ya tsitsi. Linaphukanso litaitana anzake. Panja napo mlulu unadzaza pomwe tinkayanika matawulo, achule anayamba msonkhano wosatha, kakowa akuyendera bwalo pang'onopang'ono ngati mwini nyumba wodzaona alendi ake.

Ndinagwada pa thabwa n'kugwira bangolo. Linali lolimba, lozizira. Zaka zonse za fumbi, ife tikuima pamzere pa mpopi, mizu yake inali pansi pamenepo, mumdima, yamoyo. Miyala tinaithira, ndipo mizuyo inangodikira. Nthabwala inandithera pakamwa, zomwe sizichitika kawirikawiri.

Mlongo wanga anaima kumbuyo kwanga, sizasi m'manja. Kasitomala wa tsikulo anali atatumiza uthenga kuti wapeza woluka wina ku Chawama, kouma.

"Nidule?" ndinafunsa.

Anaponya sizasi m'thumba.

"Lisiye. Pita ukabweleke wilibala."

Tinakweza mipando, zipeso ndi mawigi, n'kuyamba kukankha m'madzi ofika m'mawondo kulowera kwa azakhali athu ku Matero, komwe kunali khonde louma lolukirapo tsitsi. Chitseko anachikiya ndithu. Sindinafunse kuti akutsekera ndani.