Mabuku Amene Ndinatumiza Kuchokera ku Joni

Lachinayi, mwezi wa Okutobala

Ndadzuka thupi lonse likuphwanya. Basi ndinatsika Lolemba, koma msana ukumvabe mabampu a mumsewu. Chifikireni sindinalembe kanthu, dzanja limangolemera. Lero ndilembe, chifukwa galimoto ya a Nkhata, amene amanyamula anthu ndi katundu pakati pa kuno ndi ku Joni, ikubwerera Loweruka, ndipo adada akufuna ndikakhalemo. Ine ndikufuna kubwerera kusukulu.

Ganizo lopita ku Joni linabadwa tsiku limene zotsatira za mayeso a Folomu 4 zinatuluka, zaka ziwiri zapitazo. Maphunziro ena ndinakhoza, masamu ndiye ndinachita kukhoza bwino, koma Chingerezi chinandigwetsa, ndipo wolephera Chingerezi salandira satifiketi. Ndinayenda wapansi kuchoka kusukulu mpaka kumudzi kwathu kuno kufupi ndi Champhira. Adada ndinawapeza kudimba akuthirira nazale ya fodya. Anamvetsera madzi akudontha pa kheni, kenako anati, "Sukulu yakukana, Lusungu. Joni sakana munthu. Ankhazi ako akhala akukufunsa." Ankhazi ndi mlongo wawo wa adada, ndipo anapita ku Joni ine ndili wamng'ono. Ndinavomera, koma ndinapempha chinthu chimodzi: ndikagwire ntchito zaka ziwiri, ndikabwerako ndidzalembenso mayeso. Adada anagwedeza mutu movomera n'kupitiriza kuthirira.

Ankhazi anandipezera ntchito ya m'nyumba kwa mayi wina wogwira ku banki, amene anali ndi mwana mmodzi wamkazi woyamba kumene sukulu. Ndinkagona m'kachipinda kakuseri, zenera lake loyang'anizana ndi khoma. Ndinkaganiza kuti kuzizira ndimakudziwa poti ndinakulira ku Mzimba, koma kwa Juni wa kumeneko kumalowa mpaka m'mano. Masiku anga pa pasipoti atatha, ndinayamba kuopa galimoto iliyonse ya apolisi, ndipo kunja kwa mpanda ndinkatuluka Lamlungu lokha. Panali masiku amene mawu onse amene ndinalankhula anali "inde, adona" basi. Mauthenga a kumudzi ankabwera pa foni, oyamba ndi moni wautali, otsiriza ndi chosowa. Feteleza wakwera. Malata atsala a chipinda chimodzi. Tawonga, mng'ono wanga, wathamangitsidwa fizi. Ndinkatumiza mwezi ndi mwezi, ndipo sindikudandaula. Kungoti palibe amene anafunsapo kuti ndimacheza ndi ndani.

Mabuku anandipeza kudzera mwa mwana uja. Ankabwera kuchokera kusukulu ndi kabuku kopyapyala koti awerengere munthu wamkulu, ndipo poti amayi ake ankafika mochedwa, wamkuluyo ndinali ine. Akamaliza ankandikankhira kabukuko kuti nanenso ndiwerenge. Tsiku loyamba anagubuduzika ndi phwete.

"Anti, mukuwerenga ngati mukutafuna chimanga chokazinga!"

Ndinachita manyazi, mtsikana wa Folomu 4 kusekedwa ndi mwana wogweluka mano. Koma ndikutsuka mbale ndinazindikira chinthu: zaka zinayi za kusekondale sindinawerengepo nkhani ndekha kuchoka poyamba mpaka pomaliza. Buku limodzi tinkalizungulira gulu lonse, aphunzitsi n'kutilembetsa manotsi, ife n'kuloweza mayina a anthu a m'nkhanimo osawadziwa n'komwe.

Pafupi ndi pokwerera maminibasi panali sitolo ya zinthu za kaunjika, ndipo pakhomo pake ankaika katoni ya mabuku otsika mtengo kuposa buledi. Lamlungu lina pochokera kutchalitchi ndinagula limodzi. Ndinasankha lalikulu kuposa onse, poganiza kuti buku lonenepa ndiye lili ndi Chingerezi chambiri. Linali la anthu akalekale a kudziko lozizira, chiganizo chimodzi kudzaza theka la tsamba. Ndinalimbana nalo ndi dikishonale ya pa foni kwa milungu ingapo, kenako ndinaliponya pansi pa bedi. Ndinalira, chifukwa ndinaona ngati adada ananena zoona.

Chimene chinandidzutsa ndi timabuku ta mwana tija. Tinali tosavuta, tokhala ndi zithunzi, ndipo ndinkatimaliza. Kumaliza buku kumapatsa mtima njala ya lina. Ndinabwerera ku katoni ija ndi nzeru ina: ndinkatsegula buku pakati, ndikaona kuti anthu akulankhulana kwambiri, mizere ili yaifupiifupi, ndinkagula. Ndikapunthwa pa mzere uliwonse, ndinkalibweza ngakhale chikuto chikhale chokongola bwanji. Nkhani za ofufuza akuba ndi zigawenga zinandithandiza koposa mmene ndinkayembekezera. Umafunitsitsa kudziwa wolakwa ndani, ndiye mawu ovuta umangowadumpha, ndipo akabweranso kachitatu umapeza kuti wawadziwa wopanda kufunsa. Za chikondi ndinawerengako zingapo. Zimayenda msanga, koma anthu ake amangousa moyo ndi kuyang'anana m'maso, ndipo pa mayeso sadzafunsa zimenezo.

Amene anandikhalitsa pansi ndi mabuku olembedwa ndi anthu a ku Africa kuno. M'menemo anthu amalima, amakangana pa za malowolo, amagona pa maliro. Moyo wake umaudziwa kale, chachilendo ndi mawu okha, ndiye mutu sunyamula akatundu awiri. Limodzi ndinaliwerenga mobwerezabwereza. Linali la mtsikana amene amalume ake anagulitsa ng'ombe za malemu bambo ake, iye n'kuyamba kuzilondola msika ndi msika. Ndinkaliwerenga mokweza m'kachipinda kanga, kuti pakhale mawu a munthu m'chipindamo. Tsiku lina adona anandituma kukalankhula ndi munthu wokonza mipope, ndipo atandimva anandiyang'ana n'kufunsa ngati ndayamba sukulu yamadzulo.

Mabuku anachuluka pansi pa bedi. Ankhazi atabwera kudzandiona anagwira pakamwa. "Anzako akugula mafiriji, iwe ukugula mapepala. Udzadya amenewa?" Kumayambiriro kwa chaka chino ndinawalongedza onse mu katoni, pamodzi ndi mabulangete ndi mafuta ophikira, kuti atsogole kumudzi. Ndinkafuna Tawonga ayambe kuwerenga, inenso ndidzawabwereze pokonzekera mayeso. A Nkhata amalipiritsa potengera kulemera kwa katundu, ndipo atanyamula katoniyo anabuula. "Iwe mwana, ku Mzimba njerwa zatha?"

Katundu atafika amama anaimba foni.

"Mabuku onsewa ndi a chiyani?"

"Ndi anga, amama."

"Wawerenga kale?"

"Onse, kupatula limodzi lalikululo."

"Yewo chomene, mwana wane."

Mayunitsi anawathera pomwepo. Ine ndinakondwa kuti afika bwino, osaganizanso kanthu. Ndinali nditaiwala za kwathu. Amama amagulitsa mandasi pa Jenda, pamene amaima mabasi, ndipo kuyambira tili ku pulayimale, teremu ikatha makope onse odzaza ankalowa m'dengu mwawo kuti akakulungire mandasi. M'nyumba mwathu pepala lowerengedwa kale latha ntchito. Amene amawerengedwa kawiri ndi Baibulo ndi buku la nyimbo basi.

Lolemba nditatsika pa Jenda, amama anasiya beseni n'kundithamangira, akululutira anthu onse akuona. Anandigwira masaya, akuti ndayera koma ndaonda. Amayi anzawo ogulitsa tomato ndi anyezi anandizungulira, aliyense akufunsa ngati ndinakumana ndi mwana wake, ngati kuti Joni ndi mudzi umodzi. Kenako amama anandipatsa mandasi awiri otentha. Ndikufuna kuluma, maso anagwera pa pepala lokulungira. Mafuta anali atalinyowetsa moti mawu a mbali zonse ziwiri ankaonekera pamodzi, koma ndinalidziwa. Linali tsamba la nkhani ina ya wofufuza, pamene amafika panyumba yopsa.

"Amama, pepala ili mwalitenga kuti?"

"Si ako aja? Ndi abwino chomene, samwa mafuta msanga ngati nyuzipepala."

"Atsala angati?"

Anandiyang'ana kumaso, ndipo kumwetulira kunayamba kuzima. "Iwe unati wawerenga kale."

Mandasi ndinadya, chifukwa anthu ankandiyang'ana, koma sanatsike bwino. Tili pa njinga yamoto kupita kumudzi, amama ali kumbuyo kwanga, analankhulira pakhutu panga. "Ndapota nawe, Lusungu. Ine ndimaona ngati wanditumizira thandizo. Ndinkanyadira kwa anzanga kuti mwana wanga amandiganizira mpaka mapepala." Mawu amenewo anandipweteka kuposa mabukuwo, ndipo mkwiyo unasowa pogwera.

Mu katoni ndinapezamo zikuto zokhazokha, poti n'zolimba sizikulunga, ndi mabuku awiri okha otsala: lina amama anali atangoyamba kuling'amba, ndi chimbuku chachikulu chija chimene chinandigonjetsa. Ngakhale iwo anachiopa. Nyumba yathu tsopano ili ndi malata onse, ndipo ikuwala kuchokera kumsewu, koma m'mazenera mukadali njerwa. Pangodya pamene ndinkagona aikapo matumba a feteleza ndi batire ya sola. Ndikugona pa mphasa imodzi ndi Tawonga, miyendo yanga ikugunda chitseko.

Lachiwiri adada anandiitana pakhonde. Anayamba ndi kuthokoza, ndipo anathokozadi kuchokera pansi pa mtima. Kenako anati a Nkhata ali ndi malo amodzi Loweruka.

"Adada, tinagwirizana zaka ziwiri."

"Enya, ndikukumbuka. Koma taona mazenerawa. Fodya chaka chino sanatipatse kanthu. Chaka chimodzi chokha, mbwenu."

"Chaka chamawa mudzanenanso za simenti."

"Nanga uwerenga chiyani? Mabuku ako aja ndamva kuti anatha. Ukagwenso kachiwiri, anthu adzatiseke?"

Ndinaona kuti sakundida ayi. Kungoti nyumba ino inaphunzira kuyenda ine kulibe, ndipo Lusungu wa pa foni ndi wothandiza kuposa Lusungu wa pa mphasa. Funso lawo lomaliza ndi limene linandikhalira pamtima, chifukwa nanenso ndinali nalo. Mwina Chingerezi chija chinali m'mabukumo, osati mwa ine, ndipo chapita ndi mabasi a ku Mzuzu ndi ku Lilongwe.

Dzulo ndinapita kumjigo ndi Tawonga. Iye ali Folomu 2 tsopano, ndipo watalika kundiposa. Tili pa mzere wa zidebe anandikodola.

"Akulu, ng'ombe zija anazipeza?"

"Ng'ombe ziti?"

"Za mtsikana uja wa amalume akuba."

Ndinamuyang'ana osamvetsa. Anandiuza kuti Loweruka lililonse amama ankamutuma kung'amba masamba, ndipo iye ankawerenga tsamba lililonse asanaliike m'dengu. Anayesa kuwaletsa, koma amama anati mwini wake wanena yekha kuti wamaliza, ndipo foni amasunga ndi adada. Nkhani zambiri anazipeza zodukaduka, chifukwa pakati pa sabata amama ankang'amba okha iye ali kusukulu. Ya ng'ombeyo anaitsatira mpaka pamene mtsikanayo anafika pa msika wa kumalire, ndipo Loweruka lotsatira anapeza chikuto chokha.

"Ndiuzeni, akulu, miyezi yonseyi zikundisowetsa mtendere. Koma munene m'Chingerezi momwe zinalili, musandinamize."

Ndinayamba mwamanyazi, poti amayi a pamjigo anali atatchera khutu. Ndinafotokoza mmene anapezera ng'ombe imodzi yokha, yokalamba, nthiti zikuoneka, ndi mmene inamuzindikirira ndi mluzu wa bambo ake, ndi ulendo wautali woikusa kubwerera kwawo. Mawu ankabwera okha. Ena ndinali ndisanawatchulepo ndi pakamwa chibadwire. Nditamaliza, chidebe chathu chinali chitasefukira, ndipo mayi wina, ponditchula ndi mfunda wathu, anati, "Aa, ka NyaBanda kabwera ndi chizungu m'malo mwa firiji!" Onse anaseka, inenso ndinaseka. Tawonga yekha sanaseke. "Imodzi yokha?" anafunsa. Ndinati eya, imodzi yokha. Anasenza chidebe n'kunena kuti bola imeneyo.

Sindikunena kuti ndikhoza. Kufotokoza nkhani pamjigo ndi kwina, kukhala pa desiki ndi pepala la mayeso ndi kwinanso. Ndatopa, ndipo ndikaganiza za kuyambiranso Folomu 4 pakati pa ana amene ndinawasiya ali Folomu 2, ndimachita manyazi. Ndikudziwanso kuti mazenera akhala ndi njerwa chaka china, ndi kuti fizi ya Tawonga idzafunika kuchokera m'beseni la amama. Zimenezi sindingazibise. Koma ndikakwera galimoto ya Loweruka, ndikudziwa kuti sindidzalembanso. Ankhazi nawo anapita akunena kuti ndi zaka ziwiri.

Ku Boma la Mzimba kuli namwino wina wochokera ku Dedza amene tinkapemphera naye kumudzi kuno asanamusamutsire kumeneko. Ndamuimbira masanawa. Wati ndingathe kukhala kwawo, m'mawa ndizimuthandiza ntchito za pakhomo, masana ndizipita ku sukulu ya obwereza, ndipo laibulale ili pafupi. Kalembera wa mayeso akuti sanatseke.

Mawa ndidzuka m'mamawa, ndikakwere minibasi ya ku Boma ndikalembetse dzina. Zikuto zija ndimusiyira Tawonga, wati azindionetsa chimodzichimodzi ndikabwera kumapeto a mwezi, ine ndizimuuza mmene nkhani yake inathera. Koma ndisanapite kumsewu ndidzera kudimba. Adada ndiwauza ndisananyamuke, osati nditabwerako, ndipo ndiwauza ndili chiimire pafupi, kuti amve kuchokera pakamwa panga osati pa foni.