Kukafuna Besi ya Nyimbo ya Bambo

Ndinanyamuka ku Lilongwe cha m'ma 6 koloko m'mawa Lachisanu, nditavala majuzi awiri, chifukwa chisanu cha ku Dedza mu Juni sichiseka ndi munthu. Ndinkapita kwathu, kufupi ndi Mphunzi. Loweruka kunali Misa yokumbukira bambo anga, omwe anaphunzitsa Sitandade 5 kwa zaka zambiri, natsogolera kwaya ya pa tchalitchi chathu mpaka mawu atawathera. Ndinkafuna kujambula pa foni nyimbo yawo ina isanatayike.

Bambo sankalemba nyimbo zawo. Ankaphunzitsa ndi pakamwa, gulu lililonse palokha: asopulano pa khonde, ife aalito pansi pa mtengo, abesi kuseri kwa tchalitchi. Ankati munthu akamva mbali ya mnzake asanagwire yake amasochera. Mwa abesi a nthawi imeneyo anatsala mmodzi yekha, a Gelevaziyo, ndipo mkulu wanga anali atandichenjeza kuti masiku ano akuiwala ngakhale mayina a adzukulu awo.

Kondakitala wa minibasi anandilipiritsa K8,000, nalumbira kuti tikunyamuka pompano. Pompano wakeyo anatha ola lathunthu. Pa Chimbiya ndinagula tchipisi cha pachiwaya kudzera pa windo, ndikugawana ndi mayi wina yemwe chigongono chake chinali m'nthiti mwanga kuchokera ku Nathenje. Atamva za ulendo wanga anati ndisade nkhawa, nyimbo simatuluka m'mutu mwa munthu, agogo ake anamwalira akuimba. Sindinadziwe ngati akunditonthoza kapena akundiopseza.

Titadutsa Linthipe ndinatsika, ndikukwera njinga yamoto ya K3,000. Msewu wafumbi unakwera pakati pa minda ya kachewere ndi kabichi, mphepo ikundiluma makutu. Woyendetsa, bambo wa imvi zake, atamva dzina la bambo anga anachepetsa liwiro. Anati anamuphunzitsa masamu, ndipo ankawaimbitsa matebulo ngati salimo, moti mpaka lero sangachulukitse nambala osang'ung'udza.

Ndinafika kwa a Gelevaziyo dzuwa lili pamutu. Anali pa mpando kunja, atafunda bulangete, akuothera dzuwa. Ndinagwada ndikuwapatsa moni. Anayankha mwaulemu wonse, monga amachitira munthu kwa mlendo amene sakumudziwa. Mtima wanga unawawa, pakuti bambo amenewa ankandinyamula paphewa popita kokaimba.

Ndinatchula dzina la nyimbo, ndikuwapempha kuti aimbe mbali yawo. Anandiyang'ana, nayang'ana foni, kenaka anapepesa kuti nyimbo imeneyo sanaimvepo. Ndinayesa kachiwiri, ndikuwatchulira mawu ake mzere ndi mzere. Anangopukusa mutu. Ndinabweza foni m'chikwama, ndikuganiza kuti ndachedwa ndi chaka chimodzi kapena ziwiri.

Akazi awo, a Nabanda, omwe ankaimba sopulano, anali akusenda mbatata pambali, akutimvera. Anaika mpeni pansi.

"Iwenso Felista, besi inayamba yayambitsa nyimbo liti? Bambo ako ankati besi ndi mlendo, amalowa akaitanidwa. Tayamba ndi ine."

Anayamba ndi mawu opyapyala, onjenjemera pang'ono. Ine ndinalowa ndi alito yanga. Tinamaliza mzere woyamba, a Gelevaziyo ali duu. Pa mzere wachiwiri phazi lawo linayamba kugunda pansi. Titafika pa kolasi, mawu anatuluka m'bulangete muja, akuya ngati a ng'oma yaikulu, osaphonya ngakhale pamodzi. Ndinapapasa foni m'chikwama ndikuyamba kujambula, ndipo tinaimba ndime zonse zinayi. Ndinalira, koma kunali kulira kokoma.

Titatha, a Gelevaziyo anatembenukira kwa akazi awo nkhope itachita makwinya.

"Alito ikuchedwa kulowa. Ameneyu ndi Felista wa aphunzitsi, eti? Ankachedwa chomwechi ali mwana."

A Nabanda anaseka mpaka kutsokomola. Ine ndinavomera mlandu, chifukwa zinali zoona.

Pokwera kamtunda kopita kwathu masana amenewo, ndinamvetsa chimene bambo anachita. Nyimbo yawo sanaisiye kwa munthu mmodzi, ngakhale kwa ine mwana wawo. Anaigawa mwakuti aliyense woifuna yonse ayenera kupita kwa anzake, kukhala nawo pansi, ndi kulola kudzudzulidwa.