Mchere wa kwa Zipora

Zipora anabwera m'mudzi mwathu, kuno ku Mitundu, ngati mtengwa. Kwawo ndi ku Nathenje, kuseri kwa msika, komwe bambo ake amakonza njinga. Sukulu analekezera Sitandade 7, nakwatiwa ndi Efulemu, mlimi wa fodya. Nyumba yawo ndi yanga zangolekanitsidwa ndi mpanda waudzu. Ndi mkazi wamfupi, wofulumira manja. Akamasoka fodya m'chigafa anzake amati ali ndi makina m'zala. Amayamba kuseka nkhani yake asanaimalize, moti mathero a nkhani zake zambiri sitiwadziwa.

Ana ali nawo atatu, obadwa motsatizana. Woyamba ndi Tiyamike, n'chifukwa chake timamuitana kuti amake Tiyamike. Wachitatu, Noah, anabadwa pa opareshoni, ndipo Zipora anataya magazi ambiri mpaka abale ake a ku Nathenje anaitanidwa. Potuluka m'chipatala adokotala anamuuza, Efulemu ali pomwepo, kuti chiberekero chiyenera kupuma zaka zingapo. Akatenga mimba msanga, chilonda cham'kati chikhoza kung'ambika, ndipo mwina sangapulumuke kachiwiri.

Patapita miyezi pang'ono kunabwera galimoto ya azakulera, nakhoma tenti pabwalo la mpira. Zipora anasankha njira ya pamkono. Madzulo ake anabwera kumpanda atakwinya dzanja la bulauzi.

"Gwirani apa, amayi. Timitengo tiwiri ngati ta machesi. Akuti zaka zisanu ndili pa holide."

Ndinagwira. Tinkamveka ndithu pansi pa khungu.

Kwathu kuno mkazi akakhala kumwezi sathira mchere m'ndiwo. Akuluakulu amati akathira, mwamuna kapena ana amadwala tsempho: chifuwa chosatha, kuwonda, kutupa miyendo. Ena analeka, ena amangotsata osafunsa. Koma kwa a Nankhoma, apongozi ake a Zipora, limeneli ndi lamulo. Tiyamike anali wamng'ono, ndipo tsiku lomwe anamutuma kuthira mchere anakhuthulira kabotolo konse mumphika. Ndiye ntchitoyo inagwera ine. Amuna anga anamwalira kalekale, zakumwezi ndinasiyana nazo, choncho dzanja langa silivulaza munthu. Masiku ake akafika, Zipora ankagogoda mtengo wa mpanda ndi chipande.

"Amayi, dzanja lanu."

Ndinkalowa, kutapa mchere, kuthira, n'kubwerera. Kale zinkachitika masiku ochepa pa mwezi.

Atangoika timitengo tija, chipande chinayamba kugogoda pafupifupi tsiku lililonse. Magazi ake sanali ambiri, koma analibe chiyambi kapena mathero. Lero timadontho, mawa zii, mkuja abweranso. Mwezi unatha, wina n'kutha. Ine ndinafika podziwa ndiwo za pakhomo pawo kuposa zanga.

Tsiku lina, nthawi yosankha fodya, ndinapita kumaliro cha ku Malingunde. Zipora anali atakhala masiku angapo osaona kanthu. Anadikira, anadziyang'ana, naganiza kuti zatha. Anathira yekha mchere mu nyemba, banja lonse linadya, ndipo dzuwa lisanalowe magazi aja anabwerera. Sabata yomweyo Efulemu anayamba kutsokomola.

A Nankhoma sanakalipe. Anakhala pakhonde, miyendo atatambasula, akumvetsera mwana wawo akutsokomola m'chigafa.

"Apongozi, mchere wa nyemba zija anathira ndani?"

"Ndinathira ndine, amayi. Koma pamene ndimathira ndinali bwinobwino."

"Nanga madzulo?"

"Madzulo zinabwerera."

"Ndiye munali bwino kapena simunali bwino?"

Ine ndinali pomwepo, ndipo Zipora anandiyang'ana, ngati kuti poti ndinafika Fomu 2 ndiyenera kudziwa. Ine ndinayang'ana pansi. Malamulo amenewa tinawalandira kwa anthu omwe mwezi wawo unkabwera n'kupita. Za mwezi wongosuzumira pakhomo palibe anatilangiza.

Galimoto ya azakulera ija sinabwerenso nyengo imeneyo. Choncho ndinamuperekeza ku kachipatala kena kapafupi, komwe tinapeza namwino wachitsikana, dzina lake Carol. Anamumvetsera bwino, nagwira pamkono.

"Musaope, mayi, ambiri zimawachitikira. Si kumwezi kwenikweni kumeneko. Ndi thupi likuzolowera mankhwala. Ena zimasiya pakapita miyezi."

"Si kumwezi?"

"Ayi, osati kwenikweni."

"Ndiye mchere ndizithira?"

Namwino anaseka pang'ono, kenako anaona kuti ife sitikuseka.

"Kusukulu za mchere sanatiphunzitse. Mchere suyambitsa chifuwa, mayi. Abambowo abwere tidzawayeze."

"Inuyo asisi, kwanu mumathira?" anafunsa Zipora.

Carol anakonzakonza mabotolo patebulo. "Ndikakhala ndekha ndimathira. Amayi anga akabwera kudzacheza, ndimatuma mwana."

Anamupatsa mapiritsi oletsa magaziwo. Magazi anasiyadi kwa kanthawi, mapiritsi atatha anayambiranso.

Titafika kunyumba Zipora anafotokozera apongozi ake kuti achipatala akuti si mwezi weniweni. A Nankhoma anangoti, "Magazi ndi magazi. Alinso ndi abodza?" Lachinayi ku Mvano mayi wina anati Mkhristu saopa mchere, zonsezo n'zachikunja. Wina anati zoona, koma mlamu wake anatupa miyendo aliyense akuona. Wachitatu anati timitengoto timayenda m'thupi mpaka kukafika kumtima, ndipo Zipora anagwira mkono wake msangamsanga kuti aone ngati tikadalipo. Tinabwerera tili ndi mayankho ambiri kuposa mafunso amene tinapita nawo.

Efulemu sindingamunenere zoipa. Kuchipatala anapita, anamuyeza makhololo, anati si TB, namupatsa mankhwala. Kwa asing'anga, komwe anamutengera amayi ake, anapitanso. Mankhwala onse awiri ankamwa, ena m'mawa ena madzulo. Koma anawonda ndithu, lamba anaboolanso bowo lina. Ndipo poti mkazi amene akuona magazi sagona mphasa imodzi ndi mwamuna, iye anali atakhala nthawi yaitali akugona pabalaza.

Tsiku lina ndikuthira mchere Efulemu anandipeza kukhitchini.

"Amayi, mwina ndikupatseni mbali ya munda. Mwakhala wapabanja pano kuposa ine."

"Musayambe, abambo a Tiyamike," anatero Zipora.

"Ine sindinanene kanthu. Adokotala aja ndinawamva ndi makutu angawa. Wanena kuti muchotse timitengoto ndani?" Anatsokomola mpaka kugwira chitseko. "Ndangoti ndine mlendo pano. Mlendo amadandaula?"

Atatuluka, Zipora sanaseke. Anakhala pa mtondo, akusisita pamkono.

"Amayi, ndaganiza. Za mcherezi zikakhala zabodza, ndikachotsa ndataya timitengo chabe. Zikakhala zoona, ndikatisiya ndapha bambo wa ana anga."

"Inetu mchere ndizithira, amake Tiyamike. Ngakhale zaka zisanuzo."

"Nanga mukadwala? Mukapitanso kumaliro? Komanso munthu angagone pabalaza zaka zisanu? Adzapeza pena pogona."

"Nanga zija ananena adokotala?"

"Zimenezonso zikhoza kukhala zoona." Anasisitanso pamkono. "Onse akunena zoona, amayi. Ndiye ine nditsate ziti?"

Ndinapukuta mchere m'manja n'kubwerera kwathu.

Anasankha kukachotsa kwawo, ku Nathenje, kuti akakhale masiku awiri kwa amayi ake. Anapita pa njinga yamoto ya kabaza, Noah ali kumsana, chaka chisanathe chiikireni. Anandiuza pambuyo pake kuti namwino wa kumeneko anamunyengerera kuti apirire pang'ono, kenako anamufunsa chifukwa choti alembe. Zipora anachita manyazi kutchula mchere, nangoti, "Magazi." Namwino analemba zimenezo. Anamuuza za jakisoni, koma atamva kuti nayenso amasokoneza mwezi anakana. Lupu anaiopa. Anatenga mapiritsi akumwa tsiku ndi tsiku.

Anabwera ndi kabandeji pamkono. Magazi anasiya. Fodya anapita kumsika, chigafa anachisesa, fumbi lake linatha. Chifuwa cha Efulemu chinayamba kuchepa, mpaka chinatheratu. A Nankhoma anati mwaonatu. Efulemu anati ndi mankhwala a kuchipatala, koma amayi ake akakhala pafupi ankati ndi a asing'anga. Mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lathu anati chinali fumbi la fodya basi, chaka chilichonse amaona anthu otere. Ine mpaka lero sindidziwa. Zonse zinatha nthawi imodzi, ndipo palibe chimene chinadikira chinzake kuti tione.

Zipora anayambanso kuseka. Chipande chinabwerera mwakale, masiku ochepa pa mwezi. Mvula itagwa tonse tinalowa m'minda, kubzala, kuwokera fodya, kupalira. Mapiritsi ake anatha mkati mwa ntchito imeneyo. Anandiuza kuti apita kukatenga ena sabata yamawa, kenako anati akangomaliza kubandira.

Ndinazindikira mochedwa kuti mpanda wakhala chete. Mwezi wathunthu unadutsa osamva chipande, winanso n'kudutsa. Poyamba ndinkati mwina Tiyamike wakula, akutha kuthira. Koma tsiku lina masana ndinasuzumira pampanda, n'kuona Zipora atagwada pamoto, akutapa mchere ndi dzanja lake. Anatembenuka, maso athu anakumana. Sanabise dzanjalo.

Ndinalowa osaitanidwa, zomwe sindichita kawirikawiri. Ndinakhala pa mtondo paja.

"Masiku ano mukuthira nokha."

"Tsiku lililonse, amayi. Apongozi akusangalala, akuti pakhomo pakhala bwino."

"Abambo a Tiyamike mwawauza za mimbayi?"

"Ndikawauza aziti ndi chifukwa cha iwo. Ayambanso kuwonda." Anayesa kuseka koma sizinatheke. Anavundikira mphika, nagwira pansi pa mchombo, pomwe pali chipsera cha opareshoni. "Inu munapitako kusukulu. Chilonda cham'kati chimapola msanga kuposa chakunja, kapena mochedwa? Chakunjachi chinapola kalekale. Taonani."

Ndinaona. Chinali chitapoladi, kamzere kakuda kosalala.

"Sindikudziwa, amake Tiyamike. Mawa tilawirire kwa Carol."

"Akandikalipira."

"Akakalipira tonse awiri."

Anagwedeza mutu. Kenako anatsegulanso mphika, natapa msuzi pang'ono ndi chipande, nalawa. Anakwinya nkhope, nalawanso, n'kundipatsa chipandecho.

"Talawani inu. Masiku ano m'kamwa mwanga simukumveka kanthu. Sindikudziwa ngati ndathira kale kapena ayi."