Lamba wachiwiri wa a Goodson

A Goodson Namakhwa a ku Khonjeni akalambira pa ntchito ya malata pa fakitale ya tiyi. Ndiwo amalumikiza mapaipi aakulu aja, a msoko wopotana ngati chingwe, otenga mpweya wotentha kupita koumitsira tiyi. Salankhula zambiri. Akamayenda m'fakitale, maso amakhala kudenga.

Chaka chatha kunabwera injiniya watsopano, a Limbikani, ndi pulani ya paipi ina. Paipiyo inkatsika kuchoka kudenga n'kupinda chigongono pafupi ndi pamene amayi osankha tiyi amakhala. Papulani panali lamba wachitsulo mmodzi yekha woigwira.

"Bwana, pachigongono pamafunika awiri, uku ndi uku."

"Madala, paipiyi ndi yopepuka. Mukawonjezera zanu, ntchito ithera pomwepo."

A Goodson anangoti chabwino. Analowetsa chigongono, kukhoma misomali ya marivetsi kuzungulira, kumata polumikizira. Kenako, injiniya ali ku ofesi, anakoloweka lamba wachiwiri kuseri kwa mtanda, posaonekera. Kuyambira tsikulo chakudya chinaleka kutsika bwino kwa a Goodson, poopa kuchotsedwa ntchito.

Patapita milungu itatu kunagwa chiperoni. Amayi anafika atanyowa, nachita zimene a Goodson akhala akuona zaka zonsezi. Zitenje, majuzi, masaka ofunda pamvula, zonse anayanika pachigongono pofunda paja, poti dzanja limafikapo.

Cha m'ma teni kunamveka kuti phwa! Bawuti ya lamba wa papulani inazuka. Paipi inagwedezeka, fumbi la tiyi n'kukhuthukira m'mutu mwa mayi Teleza, amene anakhala pansi pake penipeni. Koma sinagwe.

A Limbikani anakwera makwerero n'kusuzumira kuseri kwa mtanda. Anachedwako. Pansi, a Goodson anali atavula kale chipewa.

"Uyu anayika ndani?"

"Ndine, bwana."

"Munadziwa bwanji?"

Anayankha ndi mayi Teleza, akukutumula duku. "Akanalekeranji kudziwa? Anatiphunzitsa kuyanika pamapaipi ndi akazi awo omwe!"

Amayi onse anafa nacho chiseko. Injiniya anatsika n'kupukuta manja pathalauza.

"Mawa muyike wachiwiri pa zigongono zonse. Ndipo amayiwa muwamangire waya woyanikapo, asandigwetsere paipi."

A Goodson anavalanso chipewa. Masana amenewo anamaliza chinangwa chawo chonse, n'kupemphanso china kwa mayi Teleza.